Mpanda unagwa, mmisiri sanathawe

Mvula ikangoyamba mu Novembala, mafoni a amisiri ena omanga ku Blantyre amaleka kupezeka. M'madera a m'mapiri monga Ndirande, Chilobwe ndi Bangwe madzi amatsika ndi ukali, ndipo khoma lililonse lomangidwa m'chilimwe limayesedwa. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, eni nyumba sazengereza kusaka yemwe anawamangira khoma likangoonetsa mng'alu.

Ku Machinjiri tinapeza mmisiri wina amene sanabisale. Mpanda wa njerwa womwe anamangira mayi wina wopuma ntchito yauphunzitsi unagwa usiku, n'kuphwanya khola la nkhuku la oyandikana nawo. Kutacha anafika ndi anyamata ake awiri, anthu ataunjikana kale. Anatola chidutswa cha simenti pakati pa njerwa, n'kuchifikisa ndi zala, chinanyenyeka ngati chigumu chouma. Pamaso pa mayiwo, oyandikana nawo ndi anyamata omwe amamutcha abwana, anatchula zolakwa zake chimodzichimodzi: sanasiye mabowo otulutsira madzi m'munsi mwa mpanda, zipilala anazitalikitsa, ndipo thumba la simenti la makilogalamu 50 ankalisakaniza ndi mawilibala asanu a mchenga m'malo mwa atatu. Titafika n'kuti atakhala pa ndowa yovundikira, akupala njerwa zakugwazo imodziimodzi kuti azimangirenso. Ntchito yobwerezayi sanalipiritse.

Amisiri anzake sakugwirizana naye, ndipo mkangano wake sunathe. Iwo akuti wolakwa ndi mwini mpanda, yemwe anagula matumba ochepa n'kupempha kuti akwanire basi. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti inakwera mtengo, ndipo pempho lotere lili paliponse. Mmisiri akakana, ntchito imapita kwa wina amene avomere tsiku lomwelo. Akutinso kuvomera pagulu n'kudzimangirira wekha, chifukwa nkhani ikafika kwa amfumu kapena kupolisi, mawu ako omwe ndiwo amakhala umboni, ndipo mbiri yoti uje anagwetsa mpanda imayenda msanga kuposa yoti anaumanganso.

Mfundo zawo si zopepuka. Munthu wodya za tsiku lomwelo sangagwire milungu iwiri yaulere ana osagona ndi njala, ndipo mmisiri wa ku Machinjiriyu anakwanitsa chifukwa mkazi wake amagulitsa kaunjika. Koma iye amayankha kuti pa anthu onse amene anali pamalopo, wodziwa kuti mawilibala asanu sangagwire khoma loyang'anizana ndi madzi a m'phiri anali iye yekha. Mayiwo anaphunzira uphunzitsi, za kasakanizidwe ka simenti sakuzidziwa. Iye anadziwa, anaopa kutaya ntchito, anakhala chete.

Apa ndi pamene anzakewo akuphonya. Ukanena kuti wolakwa ndi mwini nyumba, palibe chimene ungasinthe, chaka chamawa udzasakanizanso chimodzimodzi kwa munthu wina. Mmisiriyu atangoona kuti cholakwa chake chinali kuvomera, anapeza pogwira. Tsopano asanakumbe maziko amalemba m'kope chiwerengero cha matumba ofunika, mwini nyumba n'kusayinira. Ndalama zikaperewera amauza mwini kuti amange theka la mpanda lolimba, lina lidikire. Ena amamuthawa, amati ndi wodula. Ena amabwera atamva nkhani ya khola la nkhuku lomwe lija, zomwe anzake amavutika kukhulupirira. Anyamata ake, omwe kale ankangokankha wilibala, pano amawerenga okha mawilibala a mchenga mokweza, ndipo amathirira khoma madzi kwa sabata yathunthu osawakumbutsa.

Za nkhuku zomwe zinafa akukambiranabe, poti mwini wake akuwerengera ndi mazira omwe zikanaikira.

M'mphepete mwa msewu ku Machinjiri komweko mipanda yatsopano ikukwera, yambiri ya mabuloko a simenti m'malo mwa njerwa zowotcha. Mchenga womwe akumangira ndi wokokoledwa m'ngalande, wosakanikirana ndi dothi komanso timapepala ta pulasitiki, ndipo anyamata ogulitsa milu yake akuti ndi umene ukuyenda malonda chifukwa wa kumtsinje wakwera mtengo.