Kodi mumadziwa? Tayala ndi sipidomita ya pikapu yakale

Kodi mumadziwa kuti sipidomita siona msewu? Ntchito yake ndi kuwerenga kuti shafuti yotuluka m'giyabokosi yazungulira kangati, basi. Akufakitale anawerengeratu kuti tayala la pikapuyo likazungulira kamodzi limadya mtunda wotalika mwakuti. Mukachotsa tayalalo n'kuikapo lalikulu, sipidomita imapitiriza kuwerengera lakale lija, ndipo muvi umaloza liwiro lochepa pamene galimoto ikuthamanga kuposa pamenepo.

Kodi mumadziwa kuti mu pikapu zakale muvi umayenda popanda batire? Pambali pa giyabokosi pali kagiya kakang'ono, nthawi zambiri kapulasitiki, kamene kamazunguza kebulo. Kebuloyo imakwera mpaka kuseri kwa dashibodi n'kukazunguza maginito. Maginitoyo amazungulira m'kati mwa kakapu ka aluminiyamu osakakhudza n'komwe, koma mphamvu yake imakakoka, pamene kasipuling'i konga tsitsi kamakabwezera m'mbuyo. Muvi umaima pamene mphamvu ziwirizi zafanana. Nzeru imeneyi anailembetsa Otto Schulze mu 1902, ndipo inagwira ntchito zaka zambirimbiri isanalowedwe m'malo ndi masensa amagetsi. Kwa ine, ichi ndi chimodzi mwa zipangizo zokongola kwambiri pagalimoto, ndipo zimandipweteka kuona pikapu yabwinobwino ikuyenda kebulo ili lendelende pansi pake.

Kodi mumadziwa kuti pagalimoto zambiri zakale za ku Japan kebulo imazungulira maulendo 637 pakilomita imodzi? Ku America ambiri ankawerengera maulendo 1,000 pa mailosi imodzi. Kampani ya Smiths ya ku Britain inkalemba nambala yotere m'timanambala ting'onoting'ono pankhope pa sipidomita. Ndiye musamangotola sipidomita iliyonse pamulu wa masipeyala chifukwa choti ikulowa pabowo.

Kodi mumadziwa kuwerenga manambala a m'mbali mwa tayala? Titenge 175/70 R13. Nambala 175 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Ya 70 ikunena kuti khoma la tayala, kuchokera palimu kufika pansi, ndi magawo 70 pa 100 a kutambalalako. R akutanthauza tayala la mtundu wa radial, umene kampani ya Michelin inalembetsa mu 1946, ndipo 13 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Matayala ena sakhala ndi nambala yapakatiyo, monga 155 R12 kapena 195 R14C. Pamenepo muziwerengera pafupifupi 80. C amasonyeza kuti ndi tayala lonyamula katundu, ndipo pikapu ya matumba a chimanga imafuna limenelo.

Kodi mumadziwa kuti inchesi imodzi yokha palimu ikhoza kusokoneza zonse? Onani Nissan 1400, kapikapu kolimba kaja kamene kanayamba ngati Datsun 1200 mu 1971 ndipo kanapangidwa ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, mpaka 2008. Kankabwera ndi malimu a mainchesi 12. Tayala la 155 R12 ndi lotalika pafupifupi mamilimita 553 kuchokera pansi kufika pamwamba, ndipo likazungulira kamodzi limayenda mita imodzi ndi masentimita 74. Eni ake ambiri amaikapo 175/70 R13, poti ndi losavuta kupeza komanso limaoneka bwino. Limeneli ndi la mamilimita 575, ndipo limayenda mita imodzi ndi masentimita 81. Masentimita 7 okhawo, pakuzungulira kulikonse! Zikuoneka zachabe, koma ndi magawo 4 pa 100. Muvi ukaloza 100 ndiye kuti galimoto ikuthamanga makilomita 4 kuposa mmene ikanathamangira ndi tayala lake lenileni. Manambala owerenga mtunda nawonso amatsalira: paulendo wa ku Lilongwe kuchokera ku Blantyre, womwe ndi wa makilomita pafupifupi 310, amabisa makilomita okwana 12. Amene amayeza mafuta ndi manambala amenewo adzaganiza kuti injini yayamba kumwa kwambiri, mwinanso n'kukamasulitsa kabureta yosalakwa.

Komatu limu yaikulu payokha si tchimo. Limu ikakula, khoma la tayala lichepe, kuti msinkhu wonse ukhale uli pomwepo. Pa kapikapu komweka, 165/70 R13 ndi la mamilimita 561, kusiyana kwake sikufika ngakhale magawo 2 pa 100.

Kodi mumadziwa kuti malamulo amalola sipidomita kukokomeza koma osati kuchepetsa? Lamulo nambala 39 la United Nations lokhudza galimoto, limene maiko ambiri amatsata, limati muvi usaloze liwiro lochepera lenileni, koma ukhoza kupitirira ndi magawo 10 pa 100 n'kuonjezerapo makilomita 4. N'chifukwa chake opanga galimoto amasiya kampata kokutetezani. Tayala lalikulu limadya kampata kameneko, ndipo likakulitsa, inu mumaona 60 pamene kamera ya apolisi apamsewu ikuona zoposa apo. Chindapusa chimagwera dalaivala.

Kodi mumadziwa kuti tayala likamaperepeseka limafupika? Latsopano limakhala ndi mizere yakuya pafupifupi mamilimita 8. Ikatsala 1.6, msinkhu wa tayala watsika ndi mamilimita 13, omwe ndi pafupifupi magawo 2 pa 100. Mpweya wochepa nawo umafupikitsa tayala.

Kodi mumadziwa kuti kusintha difu kumanamizanso sipidomita, ngakhale matayala ali enieni? Kagiya kaja kali kutsogolo kwa difu, choncho sikadziwa zimene zasintha kumbuyo. Pikapu zakale zambiri zimene tikuziona m'misewu yathu, kaya ndi Hilux, imene inayamba kupangidwa mu 1968, kaya Peugeot 404, imene ku Kenya anaipangabe mpaka 1991, zinadutsa m'manja ambiri, ndipo difu kapena giyabokosi ya galimoto ina si chinthu chachilendo. Mankhwala ake ndi otchipa: kagiya ka mano ochepa kamazunguza kebulo mofulumira n'kukweza muvi, ka mano ambiri kamautsitsa. Makaniko wodziwa ntchito amayamba wawerenga mano a kagiyako asanakhudze sipidomita.

Kodi mumadziwa kuti tayala lalikulu limalemetsanso injini ndi mabuleki? Pokwera mtunda mutasenza katundu, pikapu imapempha giya yotsika msanga, kilatchi imavutika, ndipo poima pamafunika mtunda wautali.

Nanga mungayeze bwanji? GPS ya pafoni imathandiza: wina aigwire, inu muyendetse liwiro limodzi pamsewu woongoka n'kufananiza. Ngati mulibe, dziwani kuti pa liwiro la 60, kilomita imodzi imatha masekondi 60 ndendende. Kapena lembani choko patayala ndi pansi, kankhani galimoto mpaka tayala lizungulire maulendo 10, muyeze ndi tepi. Ndipo musanagule tayala, makamaka la kaunjika, yang'anani kachitsulo kapena kapepala ka pachitseko cha dalaivala, kapena buku la galimotoyo, mupeze saizi imene inachoka nayo kufakitale. Ilembeni, mupite nayo kwa wogulitsa, ndipo musalole tayala losiyana nayo msinkhu ndi magawo oposa 3 pa 100.