Kodi LA Amachokera Kuti, Ndipo N'chifukwa Chiyani Tiyenera Kumumaliza?

Pakati pathu palibe amene sadziwa malungo. Wodwala akapita kuchipatala amamuyeza magazi pachala, ndipo akampeza ndi tizirombo amampatsa LA kuti amwe kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Ambiri akangomva bwino tsiku lachiwiri amasunga mapiritsi otsalawo poti adzamwa tsiku lina. Tikadziwa m'mene mankhwalawa amagwirira ntchito, tiona kuti chizolowezi chimenechi n'choopsa kwa ife ndi kwa ana obadwa mawa.

Dzina loti LA likuimira mankhwala awiri, lumefantrine ndi artemether. Artemether amapangidwa kuchokera ku artemisinin, amene amapezeka m'masamba a chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua. Aka sikoyamba kuti chomera chitipatse mankhwala a malungo. Kwinini anachokera m'makungwa a mtengo wa cinchona wa ku South America, ndipo ansembe a chipani cha Jesuit ndi amene anathandiza kufalitsa makungwawo ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600.

M'chaka cha 1967 boma la China linayamba ntchito yofunafuna mankhwala atsopano, chifukwa malungo ankapha asilikali ambiri pa nkhondo ya ku Vietnam. Mayi Tu Youyou ndi gulu lawo anafufuza m'mabuku akale a asing'anga, nazindikira kuti kuwiritsa chitsambachi kumaononga mphamvu yake. M'chaka cha 1971 anatulutsa mankhwalawo popanda kutenthetsa kwambiri, ndipo anapha tizirombo ta malungo mu mbewa. Chifukwa cha ntchitoyi mayiwa analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2015.

Nanga amapha bwanji tizirombo? Kachirombo ka malungo kakalowa m'maselo ofiira a magazi kamadya hemoglobin, chinthu chimene chimanyamula mpweya m'thupi mwathu. Mu hemoglobin muli ayironi. Artemisinin ali ndi maatomu awiri a oxygen olumikizana ngati kamlatho, ndipo kamlathoko kakakumana ndi ayironi amene kachirombo katulutsa pakudya, kamaduka n'kusanduka ululu woononga mapuloteni a kachirombo komweko. Tinganene kuti kachirombo kamadzifwamphulira kokha msampha ndi dyera lake. Koma artemether sakhalitsa m'magazi, amatha pa maola owerengeka. N'chifukwa chake anamuphatikiza ndi lumefantrine, amene amakhala masiku angapo akumaliza tizirombo totsala. Lumefantrine amalowa bwino m'thupi ngati wodwala wadya chakudya cha mafuta, monga mkaka kapena phala lotendera.

Popeza mtengo wa masamba unkakwera ndi kutsika malinga ndi zokolola, akatswiri anaganiza zopempha thandizo kwa yisiti, yemwe uja timatupitsira buledi. Chamoyo chilichonse chili ndi DNA, amene ali ngati kalata ya malangizo a chibadwa chake, ndipo kachigawo kalikonse ka kalatayo kamatchedwa gene. M'chaka cha 2006 gulu la Jay Keasling ku California linalengeza kuti laika ma gene a chitsambachi mu yisiti, ndipo yisitiyo akadya shuga amatulutsa artemisinic acid, amene amasandutsidwa artemisinin. Kampani ya Sanofi inayamba kupanga mankhwala mwa njirayi m'chaka cha 2013 ku Italy. Pambuyo pake mtengo wa masamba unatsika, kotero alimi sanathe ntchito, koma dziko linapeza njira ina yodalira zokolola zikavuta.

Tizirombo natonso sitigona. Ku Cambodia madokotala anaona kuti tikuchedwa kutha m'magazi a odwala, ndipo m'chaka cha 2014 ofufuza anaonetsa kuti gwero lake ndi kusintha kwa gene yotchedwa kelch13. Kafukufuku wa 2020 anapeza kuti tizirombo totere timadya hemoglobin pang'ono tikadali tating'ono, choncho ayironi wodula kamlatho kaja amachepa ndipo tina timapulumuka. Kusintha kotereku kunapezeka ku Rwanda m'chaka cha 2020, ndipo kwaonekanso ku Uganda, Eritrea ndi Tanzania. Tanzania ndi mnansi wathu, ndipo udzudzu sufunsa chiphaso pa malire. Ofufuza ayesa kale mankhwala ena atsopano otchedwa ganaplacide, owaphatikiza ndi lumefantrine, koma kupeza mankhwala amodzi kumatenga zaka zambiri.

Makolo athu akukumbukira m'mene kolokwini anathera mphamvu. M'chaka cha 1993 Malaŵi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolokwini ndi kuyamba Fansidar, amene nayenso anafooka mpaka LA anabwera m'chaka cha 2007. Chodabwitsa n'chakuti kafukufuku wa ku Blantyre wofalitsidwa m'chaka cha 2006 anapeza kuti kolokwini anayambanso kuchiza ana 99 mwa 100 alionse, chifukwa tizirombo tosamva mankhwalawo tinatha titasiya kuwagwiritsa ntchito. Izi sizikutanthauza kuti tibwerere ku kolokwini patokha. Zikungotiphunzitsa kuti kamwedwe kathu ka mankhwala ndi kamene kamasankha tizirombo timene tidzatsale. Munthu akasiyira panjira, tofooka timafa, tolimba timatsala, ndipo udzudzu umatitengera kwa mnzake.

N'chifukwa chake bungwe la World Health Organization sililimbikitsa kumwa tiyi wa masamba a Artemisia m'malo mwa mapiritsi. Mphamvu ya m'masamba imasiyana kuchokera munda uwu kufika munda uwo, ndipo mulibe mnzake wa lumefantrine womaliza ntchito. Mlingo wochepa umangophunzitsa kachirombo kupirira.

Tsono anzanga a seminale, thupi likatentha tiyezetse magazi tisanamwe kanthu, ndipo tikapatsidwa LA timwe maulendo onse asanu ndi limodzi osagawirako mnzathu wa chipinda chimodzi. Makolo, musasunge mapiritsi a mwana uyu kuti mudzampatse mng'ono wake. Abambo ansembe, akhristu amamva mawu anu ku mphakati ndi ku nthambi kumene dokotala safika kawirikawiri, ndipo mawu awiri okha pa zolengeza za Lamulungu angapulumutse moyo. Mulungu anaika mphamvu yochiza m'tsamba, napatsa anthu nzeru zoitulutsa. Udindo woisamala kuti idzachizenso adzukulu athu uli m'manja mwathu.