Galu wanjala salonda katundu

Pali bodza lomwe lakhazikika ku Ndirande, Kawale, Mchesi ndi m'madera ena ambiri. Ati galu ukamumana chakudya m'pamene amalusa. Ena amachita kumuthirira tsabola m'phala, ena kumutsekera m'kakhola tsiku lonse popanda madzi, ati usiku akatuluke ali nyalugwe. Ine ndikukana.

Ndaona makomo ambiri a anthu a geni komwe amasungira mabelo a kaunjika ndi matumba a chimanga a ndalama zankhaninkhani, koma mlonda wake ndi kagalu koti nthiti ungaziwerenge uli kumsewu. Galu wotere wakuba akangomuponyera kanyama basi, ubale wayambika, mchira n'kumagwedeza katundu akutuluka.

Madokotala a ziweto ali ndi muyeso wa thupi la galu kuyambira 1 mpaka 9, womwe Dottie Laflamme wa kampani ya Purina ku America anautulutsa mu 1997. Pa 1 ndi mafupa okhaokha, pa 9 ndi chimgolo. Galu wantchito azikhala pa 4 kapena 5. Sikelo siyofunika, dzanja lanu lomwelo ndi lokwanira. Fumbatani chibakera, sisitani mfundo za zalazo: ngati nthiti za galu zikumveka choncho, waonda. Tambasulani dzanja, sisitani kuseri kwake, fupa likumveka koma lili ndi kamnofu: apo ndiye pabwino. Zikamamveka ngati chikhatho, wanenepa udyo. Mukamuyang'ana cha pamwamba chiuno chizioneka, ndipo mimba isamalendewere.

Mabwana onenepetsa agalu nawonso asatiseke. Kafukufuku wa agalu 48 a mtundu wa Labrador, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anapeza kuti omwe ankapatsidwa magawo atatu okha mwa anayi a chakudya cha anzawo anakhala ndi moyo pafupifupi zaka ziwiri kuposa anzawowo, ndipo nyamakazi inachedwa kuwagwira.

Nkhani yagona pa mkute. Nsima imadzaza mimba, inde, koma galu wothamanga mtunda wautali amadalira mafuta, pomwe minofu yake imamangidwa ndi zanyama. Agalu okoka zilei pachisanu mu mpikisano wa Iditarod ku Alaska, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,600, amatentha makalori okwana 10,000 patsiku, kanayi kuposa bambo wamkulu, ndipo amadyetsedwa nyama, nsomba ndi mafuta. Wanu wapakhomo safuna zonsezo ayi. Koma wa uzimba, amene amaswera tsiku lonse m'lupsa kuthamangitsa akalulu, amafuna chakudya chambiri nyengo yosaka, n'kumuchepetsera mvula ikagwa, ntchito ikatha.

Inu apamsika muli ndi mwayi chifukwa zofunikazo mumazisesa madzulo aliwonse. Phala la gaga lithiridwe zinyenyeswa za bonya kapena usipa, matumbo a nkhuku ophika bwino, timafuta ta kubutchala, mwinanso dzira. Chiwindi chikhale cha apo ndi apo. Zotsala za tchipisi ndi ndiwo za anyezi wambiri musampatse, anyezi ndi adyo zimaononga magazi a galu. Mafupa a nkhuku ophika amasweka mosongoka, amatha kubaya matumbo.

Nthawi nayo ndi nkhani. Galu wamkulu wa chifuwa chakuya ngati German Shepherd akakhuta kwambiri kenako n'kuyamba kuthamanga, chifu chimatha kufufuma n'kupotokola, imfa yake ya maola ochepa. Mlonda wausiku adye bwino m'mawa akaweruka, ndi pang'ono masana dzuwa likapendeka. Madzi asasowe, makamaka mu Okutobala, poti galu amadziziziritsa ndi wefuwefu.

Ngati akudya bwino koma sakudzaza, ganizirani njoka zam'mimba ndi nkhupakupa. Mankhwala a njoka amwe miyezi itatu iliyonse, ndipo popita kwa a zaziwetoko mutengeretu khadi lake abayitsenso katemera wa chiwewe.