Chipata cha ATAS: mmene Britain imatchingira kafukufuku wa m'mayunivesite

Mu July 2022 boma la Britain linaletsa yunivesite ya Manchester kupatsa kampani ya ku China, Beijing Infinite Vision Technology, chilolezo chogwiritsa ntchito luso lake la makamera ozindikira zinthu mwachangu. Nduna yoona zamalonda panthawiyo, a Kwasi Kwarteng, inaona kuti lusolo likhoza kukathera ku zankhondo. Aka kanali koyamba kuti mgwirizano uimitsidwe potsata lamulo la National Security and Investment Act, lomwe linayamba kugwira ntchito mu January chaka chomwecho.

Kwa Mmalawi kapena Mzambia amene wapeza malo a masitazi kapena PhD ku Britain, chomukhudza kwambiri ndi ndondomeko ya ATAS, yomwe inakhazikitsidwa mu 2007 ndipo mu 2021 inayamba kukhudzanso ochita kafukufuku olembedwa ntchito. Ngati maphunziro anu ali m'gulu lomwe boma limaopa kuti nzeru zake zingathandize kupanga zida zoopsa, monga nthambi zina za uinjiniya, fizikisi, kemisitiri kapena makompyuta, viza simungaipeze popanda satifiketi ya ATAS.

Amene amakuuzani ngati mukufunika ATAS ndi yunivesite yomwe yakulandirani, ndipo imakupatsani nambala ya gulu la maphunziro anu. Kenako mumalemba fomu pa intaneti, kwaulere, yopita ku unduna woona za ubale ndi mayiko ena. Amafuna mbiri ya maphunziro ndi ntchito zanu, zomwe munasindikizapo, anthu awiri okuchitirani umboni, komanso kufotokoza kafukufuku wanu m'mawu omwe mwagwirizana ndi yunivesite. Apa m'pofunika kudekha: mawu anu akasiyana ndi a yunivesite, mwadzichedwetsa nokha.

Nzika za mayiko a European Union, United States, Japan, Australia ndi ena ochepa sizidutsa pachipata chimenechi. Ife timadutsapo. Ndimavomereza kuti dziko liyenera kuteteza nzeru zomwe zingaphe anthu zikagwera m'manja olakwika, komabe zimandipweteka kuti mwana wa ku Zomba wofuna kuphunzira za zitsulo zomangira milatho angadikire milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, masiku a sikolashipu akutha.

Choncho lembani fomuyo mukangolandira kalata ya malo. Satifiketi ikatuluka, muli ndi miyezi isanu ndi umodzi yoti muigwiritse ntchito popempha viza, ndipo mukadzasintha mutu wa kafukufuku muli komweko, mudzayenera kupemphanso ina.