Kasankhidwe ka Tchizulo Yosemera Mbale pa Makina Aang'ono a Lathe

Mmisiri wa matabwa kapena gulu la achinyamata likagula makina a lathe, aja amene amazungulitsa mtengo mothamanga mmisiri n'kumausema, chotsatira chimakhala kugula zosemera. Apa m'pamene ndalama za ngongole kapena za banki mkhonde zimatha kulowa m'madzi. Ogulitsa amaonetsa bokosi la matchizulo asanu ndi atatu a mtengo wotsika, koma kawirikawiri m'bokosi lotere simukhala tchizulo yoyenera kusemera mbale. Wofuna kupanga mbale zamtengo zoti zigulidwe amafunika tchizulo imodzi yabwino, imene m'masitolo amaitchula kuti bowl gouge, yolingana ndi mphamvu ya makina ake, pamodzi ndi chonolera chake.

Tchizulo imeneyi imapangidwa kuchokera ku chitsulo chobulungira chokhuthala. M'litali mwake amaigoba ngalande yakuya imene zosemedwa zimatulukiramo, ndipo chitsulocho chimalowa mumpini chili chobulungira chomwecho, osachepetsedwa. Mphamvu yake ili pamenepo. Mtundu umenewu unatchuka m'zaka za m'ma 1970, pamene kampani ya Henry Taylor ya mumzinda wa Sheffield ku England inayamba kupanga tchizulo yotchedwa Superflute, imene anaikonza Roy Child.

Pali tchizulo ina yofanana nayo pang'ono imene yavulaza anthu ambiri, yotchedwa spindle roughing gouge. Iyo ndi yotakata kukamwa, yopindidwa kuchokera ku chitsulo chafulati, ndipo imalowa mumpini ndi kamchira kowonda ngati ka tupa. Ntchito yake ndi kubulungiza mitengo italiitali monga miyendo ya tebulo, imene mitsempha yake imatsata utali wa makina. Mtengo wa mbale umaikidwa mopingasa, choncho pa kuzungulira kulikonse tchizulo imagundana kawiri ndi nsonga za mitsempha, pomwe ndi polimba kwambiri. Tchizulo yotakata ikakodwa pamenepo, kamchira kaja kamapindika kapena kuthyoka, chitsulo n'kuulukira kumaso kapena m'manja mwa mmisiri. Tchizulo imeneyi siyenera kukhudza mbale ngakhale kamodzi. Chimodzimodzinso zosemera zosulidwa kuchokera ku tupa wakale: chitsulo cha tupa n'cholimba koma n'chosachedwa kuthyoka.

Kukula kwa tchizulo kuyenera kutsata kukula kwa makina. Makina aang'ono ambiri amazungulitsa mtengo wosapitirira masentimita 25 mpaka 30 m'mimba mwake, ndipo mota yake imakhala ya theka la hosipawa kapena kuposerapo pang'ono. Tchizulo yaikulu ya mamilimita 16 imadya mtengo wambiri nthawi imodzi, moti mota yaing'ono imalemedwa, lamba amaterereka, makina n'kumanjenjemera kapena kuima. Yaing'ono kwambiri, ya mamilimita 6, imagwedera ikaloŵa mkati mwa mbale yakuya, n'kusiya mizere imene imadya nthawi ndi sandipepa. Pa makina otere, yoyenera ndi ya chitsulo cha mamilimita 10 kapena 13. Amene ndalama zake zikukwanira imodzi yokha ndipo akufuna kupanga mbale za masentimita 20 kapena kuposerapo, asankhe ya 13. Wopanga timbale ting'onoting'ono, ya 10 imukwanira.

Pogula pamafunika kusamala ndi manambala olembedwa papaketi. Opanga a ku America amayeza kukhuthala kwa chitsulo chonse, pamene a ku Britain amayeza kutakata kwa ngalande. Chifukwa cha ichi, tchizulo ya ku Britain yolembedwa 3/8 inchi imafanana kukula ndi ya ku America yolembedwa 1/2 inchi. Wotuma m'bale wake kukagula ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Johannesburg ayenera kutchula kukhuthala kwa chitsulo m'mamilimita, ndipo wogulayo ayeze ndi rula asanapereke ndalama.

Mtundu wa chitsulo ndiwo umasiyanitsa tchizulo ya zaka ndi ya miyezi. Chitsulo wamba cha kaboni chimanoleka bwino, koma chikatentha ponola mpaka kuoneka chobiriwira ngati bulu, pamenepo pafewa ndipo sipagwiranso mpeni. Chitsulo cholembedwa HSS chimasunga kulimba kwake ngakhale chitatentha kufika madigiri 500, ndipo chimakhalitsa chisanabunthe. Mtundu wofala wa HSS ndi M2, ndipo ndi wokwanira kwa mmisiri woyamba. Ulipo wina wa M42 wosakaniza ndi kobati, wokhalitsa kuposa pamenepo koma wokwera mtengo. Pamene zolemba zikukayikitsa, chonolera chimaulula: chitsulo cha kaboni chimathetheka moto wowala wochita nthambi zambiri, pamene HSS imatulutsa timoto tochepa tofiira moderako.

Ngalande nayo ili ya mitundu itatu. Ina imaoneka ngati chilembo cha U, ina ngati V, ndipo yachitatu ili pakati pa ziwirizi, yopindika mosalala kuchokera pansi mpaka m'milomo. Ya V yothina imatha kutsekeka ndi zosemedwa za mtengo wauwisi, ndipo ya U imavutirapo kunola m'mbali. Yapakatiyo, imene ogulitsa amaitcha parabolic, imalola kanoledwe kosiyanasiyana, choncho ndiyo yoyenera amene ali ndi tchizulo imodzi.

Tchizulo yabwino yopanda chonolera ndi ndalama zogona. Mtengo wozungulira umabunthitsa mpeni msanga, moti mmisiri amanola kangapo pa mbale imodzi. N'chifukwa chake bajeti iyenera kukhala ndi chonolera cha magetsi chokhala ndi mwala woyera wa aluminium oxide, umene sutenthetsa chitsulo ngati mwala wotuwa wa mashopu owotcherera. Kupendekeka kwa nsonga kwa madigiri 45 kumathandiza pa mbale zosazama. Mbale zakuya zimafuna madigiri 55 mpaka 60 kuti tchizulo ithe kukhota pansi pa mbale ikutsamirabe pamtengo. Kanoledwe kobweza m'mbali kumbuyo, kamene anakatchukitsa David Ellsworth wa ku America, kamalola tchizulo imodzi kugwira ntchito zingapo, koma kamafuna chogwirira chapadera kapena dzanja lozolowera. HSS yotentha isamizidwe m'madzi, chifukwa imachita timing'alu kunsonga, izizire yokha.

Mpini ukhale wautali masentimita 35 mpaka 40 kuti mmisiri athe kuutsamiza m'chiuno, ndipo ukhale ndi mphete yachitsulo pamene tchizulo yalowera. Kugula tchizulo yopanda mpini n'kudzipangira mpini pa makina omwewo ndi njira yosungira ndalama. Liwiro la makina liyambe lotsika pamene mtengo usanabulungire. Mbale ya masentimita 20 ikakhazikika, kuzungulira ka 750 mpaka 1,100 pa mphindi n'kokwanira. Chishango chophimba nkhope yonse chisasowe, pakuti magalasi okha sateteza mano ndi chipumi mbale ikasweka.

Pomaliza pali mtengo weniweniwo. Mango, jakaranda ndi malaina odulidwa pakhomo amasemeka bwino ali auwisi ndipo salemetsa mota yaing'ono. Mlombwa ndi mbawa zimatulutsa mbale zokongola, koma mitengo yachilengedwe imatetezedwa ndi Lamulo la Zankhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020. Phingo, amene osema ziboliboli amamukonda, ali pa mndandanda wa pangano la CITES kuyambira 2017, kotero kuti malonda ake akunja amayang'aniridwa. Mmisiri ayenera kufika ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lino kukafunsa za chilolezo asanagule kapena kudula mitengo yotere. Zidutswa zotsala m'mashopu a akalipentala, zimene nthawi zambiri zimathera pamoto, n'zokwanira kuphunzirira ndi kupangira mbale zoyamba kupita nazo kumsika.