Kahatchi ndi kanyani komwe kadaposa malonda pa kanema

Mumzinda wa Stuttgart, kummwera kwa dziko la Germany, ana ndi agogo omwe amatidziwa tizilombo tiwiri tamakatuni totchedwa Äffle ndi Pferdle. Koma titi sitidabwere kudzasangalatsa anthu ayi, tidabwera kudzagwira ganyu.

Nkhani yake idayamba pomwe wailesi ya kanema ya m'derali, Süddeutscher Rundfunk, idayamba kuulutsa mauthenga otsatsa malonda. Padafunika kachithunzi koonekera kwa masekondi ochepa pakati pa uthenga wina ndi unzake kuti woonera adziwe pomwe wina wathera.

Ntchitoyi idapita kwa mkulu wina wopanga mafilimu, Armin Lang, ndipo mu 1960 kahatchi kaja, Pferdle, kadaonekera pa kanema koyamba. Sadasankhe hatchi mwangozi. Pachizindikiro cha mzinda wa Stuttgart pali hatchi yakuda, ndipo dzina la mzindawu lidachokera ku mawu otanthauza malo owetera mahatchi aakazi.

Kahatchika kadakhala kokha mpaka mu 1963 pomwe adakapezera mnzake, kanyani kotchedwa Äffle. Poyamba tonse tiwiri tidali duu, osayankhula.

Zinthu zidasintha tizilomboti titatsekula pakamwa. M'malo mwa Chijeremani cha m'mabuku chomwe owerenga nkhani amagwiritsa ntchito, tidayamba kuyankhula Schwäbisch, chiyankhulo cha kumudzi cha anthu a m'derali chomwe anthu a zigawo zina amakonda kuchiseka. Ngakhale maina awo ndi a chiyankhulochi: "-le" wa kumapetoyo amachepetsa chinthu monga achitira "ka-" m'Chichewa. Mawu a tizilombo tonse tiwiri ankayankhula ndi Lang mwiniwake.

Apa mpomwe anthu adatikondera. Kahatchi kaulemu wake, koganiza kawiri kasadayankhe, ndi kanyani kamwano, kofunsa mafunso opanda mutu, tinkacheza monga achezera anthu pakhomo pawo. Oonera adamva chiyankhulo cha makolo awo chikutuluka m'bokosi lomwe kale linkayankhula ngati mlendo.

Lang adamwalira mu 1996, ndipo mu 1998 wailesiyi idaphatikizana ndi inzake ya Südwestfunk n'kupanga Südwestrundfunk. Dzina la wailesi yomwe idabala tizilomboti lidatha, makampani ambiri omwe ankalipira malonda aja adaiwalika, koma Äffle ndi Pferdle akadalipo m'mabuku, pamakalendala ndi pamakapu a tiyi m'nyumba za anthu a ku Stuttgart.