Chipongwe Chopanda Mau Otukwana: Mafunso Oika Msinkhu pa Mapu a Maseŵera a pa Kompyuta

1. Mau oyamba

Cholinga chathu m'nkhani ino ndi kufotokoza m'mene mapu a maseŵera a pa kompyuta, omangidwa ndi oseŵera eni ake, amaikidwira msinkhu wa ana oyenera kuloŵamo, ndiponso kusonyeza pamene njirayi imaphonya ikakumana ndi ziyankhulo za Chibantu. Zitsanzo tazitenga m'Chicheŵa poganizira ana a Amalaŵi okhala mu mzinda wa Durban, amene amamva Chicheŵa pakhomo, Chizulu mumseu ndi Chingerezi kusukulu.

2. M'mene msinkhu umaikidwira

M'maseŵera a Fortnite, a kampani ya Epic Games, oseŵera akhala akumanga mapu awoawo, otchedwa zilumba, kuyambira mu December 2018. Kuchokera pa 16 November 2023 chilumba chilichonse chiyenera kukhala ndi chizindikiro cha msinkhu chisanaperekedwe kwa anthu. Womanga amayankha mndandanda wa mafunso a bungwe la International Age Rating Coalition, limene linakhazikitsidwa mu 2013. Mafunsowo amakhudza chiŵaŵa, zoopsa, zolaula, juga, mankhwala ozunguza bongo ndi mau otukwana. Makina amasandutsa mayankho kukhala zizindikiro za dera lililonse: za ESRB ku North America, za PEGI m'maiko ambiri a ku Ulaya, za USK ku Germany. Maiko opanda bungwe loŵaimira, monga Malaŵi, amalandira zizindikiro za onse: 3+, 7+, 12+, 16+ ndi 18+. Pambuyo pake ogwira ntchito pa kampani amaunika chilumbacho chisanatulutsidwe.

South Africa ili ndi bungwe lakelake, Film and Publication Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1996. Lamulolo linakonzedwanso mu 2019 kuti likhudze zofalitsidwa pa intaneti, ndipo zosinthazo zinayamba kugwira ntchito pa 1 March 2022. Pambali pa msinkhu bungweli limaika zilembo zochenjeza makolo: V pa chiŵaŵa, L pa mau oipa, P pa tsankho.

Tione zinthu ziŵiri. Choyamba, woyankha mafunso ndi womanga yemweyo, kotero kuti zonse zadalira chilungamo chake ndi luso la wounika. Chachiŵiri, funso lonena za kutukwana limayesa kuti chipongwe chimakhala m'liu, ndipo kuti mau oipa angathe kulembedwa pa mndandanda n'kumasakidwa ndi makina.

3. Kumene chipongwe chimakhala

Tiyerekeze kuti mnyamata wa ku Durban wamanga chilumba, ndipo walemba mau aŵa pa zikwangwani zake:

(1) Mlendo uja wabwera.
(2) Chimlendo chija chabwera.
(3) Chabweranso chija.

M'chiganizo (1) mulibe cholakwa. Mu (2) dzina lachotsedwa m'gulu la Mu-A n'kuikidwa m'gulu la Chi-Zi, ndipo munthu wasanduka chinthu. Mu (3) dzina mulibe ndi pang'ono pomwe. Mnyozo wonse wasenzedwa ndi agwirizanitsi. Makina osaka mau sangagwirepo kanthu, pakuti kuletsa cha- ndi chi- n'kuletsa gawo lalikulu la chiyankhulo. Chimodzimodzi gulu la Ka-Ti: kamwana ndi mau achikondi, koma kamfumu ndi kuderera.

Chipongwe china chimakhala pa ubale wa oyankhulana. Liu loti iwe n'labwino kwa mnzako, koma kuuza nkhalamba n'kusoŵa mwambo. Amako satanthauza china koposa mai wa munthu, komabe kungolitchula lokha pamkangano ndi kuputa ndeu. Mbali inayo, asuweni amanyozana poyera popanda wokwiya, ndipo adzukulu amachita nthabwala pamaliro. Mnyamata wathu akafunsidwa ngati m'chilumba chake muli mau otukwana angathe kuyankha kuti ai, osanama konse.

Ku Durban nkhani yotere si yoseka nayo. Mu April 2015 anthu ochokera kunja, Amalaŵi ali pomwepo, anathamangitsidwa m'nyumba zawo n'kukasungidwa m'misasa ku Isipingo ndi ku Chatsworth, ndipo boma la Malaŵi linatumiza mabasi kukatenga ena. Liu loti amakwerekwere, lonyoza alendo, lingathe kulembedwa pa mndandanda wa mau oletsedwa. Koma chiganizo chonga (3), chonenedwa kwa mwana wa mlendo, chimapweteka chimodzimodzi, ndipo wochizindikira ndi yekhayo wodziŵa chiyankhulo.

4. Zimene mafunso safunsa

Palinso zoletsedwa zimene mndandandawo sukuzidziŵa. Tiyerekeze kuti womanga wina waika m'mapu ake zilombo za Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linauzindikira mu 2005 monga chuma cha anthu onse, ndipo wajambula dambwe ndi kulemba mau a chinsinsi a kumeneko. Wounika wachilendo adzafunsa ngati zigoba za kumaso zingaopse mwana wa zaka 7. Mcheŵa adzafunsa china: kodi wosameta ayenera kuona zimenezi? Pamwambo wathu malire a chimene munthu angamve amadulidwa ndi chinamwali, osati ndi tsiku lobadwa. Wa zaka 30 wosavinidwa akali mwana pa nkhani zina. Manambala a 3+ kufikira 18+ alibe malo a malire otereŵa.

5. Mau omaliza

Sitikunena kuti njira ya mafunso itayidwe. Zilumba n'zochuluka, ndipo palibe bungwe lingaziunike zonse ndi maso. Tikupempha zitatu. Mafunso afunse ngati munthu kapena mtundu wa anthu ukunyozedwa, mwa njira iliyonse, m'malo mofunsa za mau okha. Womanga atchule ziyankhulo zimene zili m'mapu ake, kuti apite kwa wounika wozimva. Ndipo ife ophunzira ziyankhulo tilembe bwino kagwiritsidwe ntchito ka magulu a maina ponyoza ndi polemekeza, m'Chicheŵa, Chizulu, Chiyao ndi zina, pakuti amisiri a makina sangaphunzitse makinawo chimene ife eni ake sitinachifotokoze.